Hilux ya kukampa pa hayala: ndidziteteze bwanji kwa akamberembere?

Phiri_waHatfield
Mwaswera bwanji abale pagulu pano. Ndili ndi funso ndipo ndikufuna anthu oti anazionapo, osati zongomva kubawa. Ndili ndi Hilux double cab ya dizilo yokonzedwa za kukampa, ili ndi tenti ya padenga, filiji, batire yachiwiri, sola, thanki ya madzi, silinda ya gasi, mipando ndi mapoto zonse zilimo. Ife timaiyendetsa pa holide ya ana basi, miyezi ina yonse imangokhala pa yadi koma laisensi ya pamsewu ya ZINARA ndi inshuwalansi ndikulipirabe. Nde mayi akunyumba akuti bwanji tiziichititsa hayala kwa anthu opita kokacheza ku Mana Pools, Kariba kaya ku Nyanga konkuno ku Zimbabwe. Ndinaponya zithunzi pa Facebook, foni sikupuma. Pali wina akufuna masiku 10, akuti akupita ku Kariba ndi banja, dipoziti atumiza lero lomwe koma galimoto adzatenga mng'ono wake poti iyeyo akadali ku Joni. Mtengo sanatsitse olo pang'ono. Mtima wanga sukukhazikika. Amene mumabwereketsa magalimoto mumatani kuti musapondedwe?

Kalulu_waMabvuku
Wolipira wina, wodzatenga wina, komanso mtengo sananenerere? Aphiri ijambuleni bwinobwino Hilux yo muzidzaonetsa adzukulu kkkkk

MayiWaMapasa
Munthu wa ndalama yake yokhetsera thukuta amanenerera ndithu, ngakhale tomato wa pa Mbare Musika timakanganirana. Amene wangovomera mtengo pompo ndiye kuti ndalamayo si yomwe ili m'mutu mwake.

Makanika_waKaguvi
Aphiri ine ndiyankhula mbali yanga ya zitsulo. Anthu amaopa kuti galimoto idzasowa yonse, koma zomwe ndimaziona kawirikawiri ndi galimoto yobwerako bwinobwino, yotsukidwa mpaka kupolisha matayala, mwini wake nkubweza dipoziti akumwetulira. Pakatha sabata ziwiri ndi pomwe imayamba kutsokomola. Ukatsegula upeza ma injector, tizida topopera dizilo mu injini, si ake, batire aikamo yotopa, tayala la sipeya lomwe linali latsopano pansi paja pali chikwakwa chosalala, ena amafika pochotsa catalytic converter, chosefa utsi cha pa ekizosi chija, nkuwotcherera paipi wamba. Hilux ndiye zida zake zimayenda malonda tsiku lomwelo, simungayerekeze ndi galimoto yoti mu Harare muno zilimo zitatu. Inuyo muli ndi zina pamwamba pake, filiji ya kukampa ija ndi batire ya deep cycle ndi ndalama zambiri, munthu atha kukubwezerani filiji yofanana mtundu koma yakufa compressor.
Chochita: chilichonse chochotseka chikhale ndi chizindikiro chanu. Penti ya mtundu wachilendo kadontho pa mabawuti a injector, pa batire, pa alternator. Matayala onse asanu jambulani manambala a m'mbali aja, pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chomwe tayala linapangidwa. Filiji ndi sola zili ndi serial number, lembani. Tsiku lopereka jambulani vidiyo mukuzungulira galimoto, wobwerekayo azioneka nkhope, muonetse mileage ndi geji ya mafuta, mutsegule boneti. Pobweza dipoziti osabweza pa geti, muuzeni kuti mawa lake makanika akaiona kaye.

WapaBoda
Zomwe anena amakanikazo nzoona koma ine mantha anga ndi boda. Kuchoka mu Harare kukafika pa Nyamapanda ndi makilomita pafupifupi 240 kudzera Murehwa ndi Mutoko, munthu wanyamuka 5 koloko m'mawa pofika nthawi ya tiyi ali kale mbali ya Mozambique. Ku Chirundu, boda ya Zambia, ndi 350 kapena kuposera pang'ono. Ndipo poti akuti Kariba, musaiwale kuti ku Kariba komweko kuli boda pa khoma la damu yotulukira ku Siavonga, ku Zambia. Nde buku la galimoto lenileni, lija kumudzi timati bulubuku, lisatuluke m'nyumba mwanu zivute zitani. Galimoto yolembetsedwa kuno kuti idutse boda mwalamulo pamafunika bukulo, police clearance ya ku Vehicle Theft Squad, ndi kalata ya mwini wake ngati woyendetsa si mwini. Mukamupatsa buku mwamupatsa theka la ulendo. Mpatseni fotokope basi ndipo pa fotokopeyo mulembe ndi cholembera chachikulu modutsa pakati kuti galimotoyi ndi ya hayala, siyogulitsa ndipo siyololedwa kutuluka mu Zimbabwe.

Kalulu_waMabvuku
Ngati akuba amadutsira pa geti ya boda ndi mapepala. Malire a Zimbabwe ndi Mozambique ndi opitirira makilomita 1,000, tinjira tam'tchire tosawerengeka, ndipo 4x4 ndiye galimoto yake ya tinjira timeneto

WapaBoda
Eya koma si wakuba aliyense ali ndi anthu ake m'tchire. Ambiri ndi aulesi, amafuna pofewa. Ukatseka pofewapo wachepetsako.

Nachisale_HRE
Achimwene a Phiri, tisanapite kutali ndi maboda, inshuwalansi yanu ndi yotani? Ndinagwirapo ntchito kwa broker, wogulitsa inshuwalansi, ndiye ndikufunsa dala.

Phiri_waHatfield
Ndi comprehensive achemwali, yonse, ngozi moto kuba zonse zilimo. Mbali imeneyo ndilibe nayo nkhawa.

Nachisale_HRE
Mbali imeneyo ndi yomwe muyenera kuda nayo nkhawa kuposa zonse. Katengeni pepala la policy muwerenge pomwe alemba ntchito ya galimoto. Za anthu wamba zambiri zimati galimoto ndi yoyendera inu ndi banja, kupita ku ntchito ndi kokacheza, ndipo pansi pake pamakhala mawu oti sakulipira ikakhala pa hire or reward, kutanthauza kuti mwalandirapo ndalama. Tsiku lomwe mwalandira dola imodzi ya hayala comprehensive yanuyo yagona, munthu akakagubuduza pa mapiri otsikira ku chigwa cha Zambezi paja assessor, wofufuza ngozi wa kampani ya inshuwalansi, akangomva kuti inali pa hayala basi mwaluza galimoto ndi ndalama zomwe munkalipira zaka zonsezi. Ndipo musaganize zonamiza kuti anali msuweni wanga ndinangomubwereka, wobwerekayo akafunsidwa adzanena yekha kuti ndinalipira, zithunzi zanu za pa Facebook zilinso poyera.
Chachiwiri chomwe anthu sachidziwa. Ngakhale mutasintha kukhala policy ya magalimoto a hayala, funsani mwachindunji kuti kodi wobwereka yemweyo akathawa nayo mulipira? Makampani ambiri amasiyanitsa. Wakuba wothyola geti usiku ndi nkhani ina, munthu amene inu mwini mwamupatsa makiyi m'manja ndi nkhani inanso, ndipo yachiwiriyi nthawi zambiri amaichotsamo kapena amafuna ndalama yowonjezera ndi umboni woti munamufufuza munthuyo. Yankho akupatseni polemba, pa imelo, osati pa foni. Funsaninso za tenti, filiji ndi sola, chifukwa zoikamo pambuyo ngati simunazitchule pa policy sizimawerengedwa, amalipira Hilux yopanda kanthu. Funsani excess, ndalama yomwe mumalipira nokha pa ngozi kampani nkulipira zotsalazo, ndi zingati, dipoziti yanu isachepere pamenepo. Mufunsenso zaka za woyendetsa, ena salola wachichepere kapena amene laisensi wangoitenga kumene. Ndipo onetsetsani kuti kampaniyo kaya broker yo ndi wolembetsedwa ku IPEC, bungwe loyang'anira za inshuwalansi, poti mapepala a inshuwalansi abodza aliponso m'tauni muno.

Phiri_waHatfield
Eeh. Ndawerenga pano, mawu a hire or reward alipodi tsamba lachitatu. Zikomo achemwali, ndikanalowa m'dzenje.

Jah_Epworth
Zonsezi nzambiri man. Ikani tracker basi, pa foni mukuona pomwe ili, akachita zopusa mumazimitsa injini muli pa sofa. Ine ma Honda Fit anga awiri ali pa mushikashika, kunyamula anthu ngati taxi, ndimagona tulo chifukwa cha kameneko.

Makanika_waKaguvi
Aise Fit yako imazungulira pa Fourth Street ndi Epworth pomwe network ili thoo. Ku Mana Pools ukangodutsa ofesi ya paki ya pa Marongora nkulowa msewu wafumbi uja network imabwera mwa apo ndi apo, tracker ikhoza kukhala chete masiku osadziwa ngati munthu ali pa kampu ya Nyamepi akuonera njovu kapena ali kwina. Komanso anyamata akuba amadziwa pomwe ambiri amabisa, kuseri kwa wailesi ndi pansi pa chiwongolero, mphindi zochepa achotsa. Ena amangobaya ka jammer, kachida kotchinga network, poyatsira ndudu paja. Ine ndimati ziwiri, makampani osiyana, layini zosiyana, ina Econet ina NetOne. Yoyamba yoti aipeze asangalale, yachiwiri ya batire yakeyake yobisika kutali ndi mawaya. Ndipo zozimitsa injini galimoto ikuthamanga musayerekeze, mupha ana a eni ake pa msewu wa Chirundu pakati pa mathiraki, mlandu nkukhala wanu. Imayenera kukana kulira ikaima kale.

WapaBoda
Ndiwonjezere pa tracker. Ikani malire pa mapu kuti foni izilira. Wopita ku Kariba amadutsa Chinhoyi, Karoi, pa Makuti nkukhota kumanzere. Akangopitirira Makuti molunjika ndiye kuti akutsikira ku Chirundu, imbani pompo. Akatuluka mu Harare nkulowera ku Mutoko kaya msewu wa Masvingo wopita ku Beitbridge musadikire kuti mwina wasochera. Ndipo layini ya mu tracker ikhale ndi roaming, apo ayi ikangowoloka imafa.

Ankolo_Highfields
Ana inu mukukamba za mawaya, ine ndikuuzeni zomwe zinandionekera, ngakhale yanga sinali ya kukampa, inali Hiace. Amene anandiponda sanali mlendo wa pa Facebook. Anabwera naye ndi munthu wa kumpingo kwathu, mnyamata wolankhula Chichewa chosalala, kwawo akuti ku Ntcheu, mfumu yake kutchula, mpaka tinapezana chibale cha kuchikazi. Akuti pali maliro ku Chegutu akufuna kunyamula anthu. Ndinachita manyazi kumufunsa chitupa, mwana wa kwathu ndimufunse chitupa ngati wakuba? Ulendo woyamba anabweza pa nthawi yake, thanki yodzadza, ndi nkhuku pamwamba. Ulendo wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu anati sabata imodzi, ndipo anapempha buku akuti pa ma roadblock akuvutitsa. Ndinapereka. Sabata inatha, foni ikuyankhidwa, mawa ankolo, mawa ankolo. Kenako zii.
Galimoto sinapite ku Mozambique ayi, inali konkuno ku Chitungwiza pa yadi ya munthu wa katapila, achimbadzo aja. Mnyamata anakaipinyolitsa ngati chikole, ndi buku langa, ndi agrimenti yabodza yoti ine ndinamugulitsa, siginecha yanga atayeserera. Wakatapila akuti ndipatseni ndalama yanga kaye. Nditapita ku polisi ina wapa desiki anandifunsa funso limodzi, makiyi anakulandani kapena munamupatsa? Ndinati ndinamupatsa. Pepala losainirana lilipo? Palibe. Akuti mdala izi nzapachibale kakambiraneni kapena pitani ku khoti ya civil. Zinanditengera miyezi ndi loya kuti ibwere, itabwera gearbox inali itatha. Wa kumpingo uja mpaka lero amakhala benchi ya kutsogolo, akuti iyenso anangomudziwira pa maliro.

MayiWaMapasa
Ankolo pepani. Ija yobweza bwino kawiri ndi nyambo, amakuweta kaye.

Chitedze77
Koma tisafike poti aMalawi tokhatokha tiziopana. Ena tinafika muno opanda kanthu, anatisunga ndi anthu akwathu popanda pepala lililonse. Ma burial society athu ayenda zaka ndi zaka pa kukhulupirirana.

Ankolo_Highfields
Burial society ili ndi buku mwana wanga, ili ndi mlembi ndi msungichuma, ukalumpha miyezi amakuwerengera pagulu. Ndani anakuuza kuti imayenda popanda pepala?

Chitedze77
Kkkk apo mwandigwira ankolo

Gogo_waMufakose
Inu mukuti chitupa chitupa. Ena a ife tinabadwira konkuno, bambo anabwera nthawi ya Federation kudzagwira ntchito, koma chitupa chinatuluka cholembedwa A, alien, zaka zambiri osavota. Malamulo a 2013 ndi amene anati wobadwira muno kholo lake likuchokera dziko la SADC ndi nzika, komabe kukasintha ku registry ndi mzere wa tsiku lonse. Mdzukulu wanga anakanidwa hayala ya galimoto ya ukwati chifukwa cha chilembo chimenecho, akuti uthawira kwanu. Kwathu kuti, iye ku Malawi sanapondeko.

Jah_Epworth
Zoona gogo, mayi anga anasintha chawo koma anawauza kuti abweretse birth certificate yaitali, ya makolo, zinthu zoti zinapsa kalekale ku farm

Chitedze77
Ku embassy ya Malawi amathandizako pa mapepala ena, koma za chitupa cha kuno ndi ku registry basi

Mlembi_waGulu
Abale nkhani ya zitupa ndi yofunika, titsegulire ulusi wakewake. Pano tithandize a Phiri asanapereke galimoto.

Nachisale_HRE
Gogo akhudza mfundo yabwino komabe. Chilembo cha pa chitupa sichikuuzani kuti munthu ndi wakuba kapena ayi. Chomwe mukufuna nchoti munthu waima pamaso panuyo, dzina la pa chitupa, dzina la pa laisensi, dzina lomwe likutuluka pa EcoCash kapena ku banki potumiza ndalama, ndi amene adzagwire chiwongolero, akhale munthu mmodzi. Pakangosiyana penapake imani. Zitupa muone zenizeni m'manja, osati chithunzi cha pa WhatsApp, poti zitupa zotayika ndi zobedwa ndi zomwe amagwiritsa ntchito. Laisensi zilipo ziwiri pano, yachitsulo yakale ija ndi ya pulasitiki yomwe inayamba mu 2023, zonse muyang'ane nkhope ndi nambala ya chitupa ngati zikugwirizana, mukakayika ku CVR, Central Vehicle Registry, ndi komwe kuli kaundula wa malaisensi. Ndipo galimoto musakaperekere pa service station kapena pa car park ya pa Sam Levy. Kaperekeni kunyumba kwake, mulowe, muone kuti ana akumutchula dadi. Nambala ya kuntchito kwake muipeze nokha, osati yomwe wakupatsani iye, chifukwa mnzake ndi amene adzayankhe kuti HR.

MayiWaMapasa
Ine ndikambe za ndalama poti ndimabwereketsa matenti ndi mipando ya maukwati, akamberembere ake ndi omwewa. Screenshot si ndalama. Meseji yoti mwalandira si ndalama, amatha kuilemba okha nkuitumiza ikuoneka ngati yachokera ku kampani. Lowani nokha muone balance. Za ku banki dikirani ziwonekere mu akaunti, proof of payment ya PDF mwana wa Form 2 atha kuikonza pa foni. Akabwera ndi madola m'manja, ma 100 aja muwaunike bwinobwino kapena mukawerengere limodzi ku banki, ndipo gwirizanani poyamba kuti dipoziti yalowa mu USD ibwerera mu USD, yalowa mu ZiG, ndalama ya kuno, ibwerera mu ZiG, anthu amakangana pa rate pobweza mpaka chibale kutha.
Palinso ina ya azungu abodza. Amalemba imelo kuti tikubwera kuchokera ku UK anthu anayi, talipira kale koma mwangozi tatumiza zopitirira, chonde zapamwambazo mutumizireni wotiyendetsa wathu pa Mukuru kapena Western Union. Ndalama yawoyo sinalowe ndipo sidzalowa, kapena yalowa ndi khadi lobedwa ndipo banki idzaibweza, koma yanu yomwe mwatumiza yapita. Aliyense wokuuzani kuti mutumizire munthu wachitatu, dulani foni.

Kalulu_waMabvuku
Aphiri pa zithunzi zanu za pa Facebook nambala puleti ikuoneka? Ndapita kukaona, ikuoneka mbuu, ndi geti ya nyumba yomwe

Phiri_waHatfield
Ikuonekadi. Vuto lake?

Kalulu_waMabvuku
Vuto lake mawa mupeza Hilux yanu ili pa tsamba lina, mtengo theka, nambala ya foni ya munthu wina, akutolera madipoziti kwa anthu a Easter. Tsiku lonyamuka mabanja atatu ali pa geti panu ndi ma cooler box akufuna galimoto yomwe analipira. Iwo akudziwa puleti ndi nyumba yanu, wakubayo sakumudziwa. Fufutani puleti, jambulirani malo ena, ndipo lembani nambala yanu ya foni modutsa pakati pa chithunzi kuti asathe kuidula.

Phiri_waHatfield
Ndazichotsa kaye zonse.

MwanaWaLoya
Sindine loya, ndimangogwira ntchito mu ofesi ya maloya, nde izi mukatsimikize. Nkhani ya ankolo ikuonetsa pomwe pamathera anthu ambiri. Mu Criminal Law Codification and Reform Act, section 113 ndi ya kuba ndipo imakhudzanso katundu amene munthu wapatsidwa kuti asunge kapena abweze nkumuchita zina, section 136 ndi ya chinyengo. Ndiye si zoona kuti ukapereka makiyi wekha palibe mlandu. Koma wapolisi amafuna chogwira, ndipo chogwiracho ndi pepala. Agrimenti yanu inene tsiku ndi ola lobweza, osangoti Lamlungu. Inene madera omwe galimoto ikuloledwa kufika. Inene kuti woyendetsa ndi uyu yekha, kuti siyololedwa kubwereketsanso, kugulitsa, kupinyolitsa kapena kuyandikira boda, kuti muli tracker ndipo kuigwira ndi kuphwanya pangano, komanso kuti ikapitirira maola akutiakuti osabwera ndiponso osalankhula mukanena ku polisi. Mndandanda wa katundu yense, mpaka masipuni ngati mukufuna, asainire tsamba lililonse, adinde chala, mboni ziwiri. Kuwonjezera masiku kukhale kolemba ndipo alipiriretu, chifukwa mawa ankolo mawa ankolo ija ukaivomera pa foni iye amadzati tinagwirizana. Matikiti a pamsewu ndi ma tollgate alembedwe kuti ndi ake. Muikemonso zoti akanyamula katundu woletsedwa ndi zake, poti galimoto za hayala ena amakanyamulira fodya wozembetsa, nyama ya m'tchire kaya kupita nazo ku migodi ya makorokoza, okumba golide mozemba aja, ikagwidwa imakakhala ku polisi ngati umboni mpaka mlandu uthe, matayala kuphwa pomwepo.
Chomaliza, mukayamba kuchita ngati bizinesi funsani ku Zimbabwe Tourism Authority za kulembetsa, ndi ZIMRA za msonkho. Tsiku la mavuto pepala lililonse losonyeza kuti mumachita mwalamulo limakuthandizani.

TchenaMbare
Ine ndawerenga zonse ndipo ndikuona kuti mukuzungulira. Ma tracker awiri, loya, penti pa mabawuti, kupita kunyumba kwa munthu, zonsezi chifukwa mwapereka chiwongolero. Osapereka. Galimoto izipita ndi dalaivala wanu, mtengo uphatikize malipiro ake ndi chakudya, iye ali ndi katenti kake kapansi. Makiyi amagona m'thumba mwake. Palibe kupinyolitsa, palibe boda, palibe kusintha ma injector. Komanso anthu ambiri a mu town sadziwa low range, giya yamphamvu ya 4x4 yoyendera pang'onopang'ono, sadziwa kuphwetsa matayala pa mchenga, amawotcha clutch tsiku loyamba, ndiye dalaivala akupulumutsaninso pamenepo.

Jah_Epworth
Amene amabwereka kampa amafuna kukhala okha ndi mkazi wawo m'tchire man, osati ndi Tchena akujona pambali kkkk. Komanso double cab ndi mipando isanu, banja la anthu asanu dalaivala akhala pa denga?

TchenaMbare
Nde amenewo apite ku makampani akuluakulu omwe ali ndi magalimoto 30 ndi makina a khadi otsekera dipoziti. Kampani ikaluza imodzi imapitirira. A Phiri ali ndi imodzi yokha.

Makanika_waKaguvi
Dalaivala nayenso ndi munthu aise. Dizilo amagulitsa, pobwerera opanda makasitomala amanyamula matumba a makala ndi anthu a pa Karoi. Ndazikonzapo zotero. Tracker ikhalepobe.

Nachisale_HRE
Ndipo ndi dalaivala inshuwalansi isinthidwebe, tsopano mukunyamula anthu olipira, pamafunika passenger liability, yolipira okwera akavulala. Musaganize kuti mwazemba.

Gogo_waMufakose
Ine ndingofunsa, ndalama yake ndi yochuluka bwanji kuti munthu usagone tulo chonchi? Galimoto ikhale pa yadi, ana azipita nayo ku Chivero.

Phiri_waHatfield
Gogo fizi ya ana ndi yomwe ikutisowetsa tulo kale kkkk. Abale ndabwera ndi zomwe zachitika. Ndamuimbira wa ku Joni uja pa vidiyo, sanayankhe, akuti ali mu meeting. Ndamulembera kuti galimoto ndimapereka kwa amene walipira yekha, ndi chitupa ndi laisensi m'manja, kunyumba kwake, apo ayi ipite ndi dalaivala wanga. Wayankha kuti dalaivala ayi, mng'ono wakeyo ndi wodalirika, ndipo awonjezera 200 pamwamba ndikalola kuti atenge mawa m'mawa pa Msasa, komanso ndimukonzere buku ndi kalata poti mwina adzawolokera ku Siavonga kukadya lunch. Ndati ayi. Watumiza screenshot yoti dipoziti walipira kale ndiye ndisamuchititse manyazi. Ndalowa mu akaunti mulibe kanthu. Ndamuuza. Pano chithunzi chake pa WhatsApp sichikuonekanso.

Kalulu_waMabvuku
Lunch ya ku Siavonga kkkkkk ikanathera ku Lubumbashi

Chitedze77
Mwina anangokhumudwa kuti mukumutenga ngati mbava, anthu a ku Joni ena amatumadi abale awo. Sitingadziwe.

MayiWaMapasa
Wokhumudwa amatumiza screenshot ya ndalama yomwe kulibe? Achimwene inu mtima wanu wabwinowo udzakudyetsani chisoni.

WapaBoda
Nambala yakeyo ndi screenshot musafufute. Kasiyeni lipoti ku polisi ya kufupi nanu ngakhale sanakubereni, ndipo muchenjeze ma group a car hire, mawa akayesa kwa wina. Pano musaiponye poyera, mutumizireni mlembi.

Mlembi_waGulu
Eya nditumizireni ku inbox. Manambala a anthu pagulu ayi, malamulo athu mukuwadziwa.

Ankolo_Highfields
Uyu anali wophweka Phiri, anafulumira. Wovuta ndi amene adzabwere ndi munthu woti mumamudziwa, inu nkuchita manyazi kutulutsa pepala. Lisindikizeni likhale mu galimoto momwemo, aliyense azisaina, ngakhale mlamu wanu, kuti pasadzakhale woti bwanji ine ndekha.

Phiri_waHatfield
Mlamu wanga ndiye woyamba kukwiya ameneyo, anaipempha kale ya Khisimisi. Lolemba ndikupita kwa broker ndi mafunso a achemwali a Nachisale, ndikamva mtengo wa policy ya hayala ndi pomwe ndione ngati bizinesiyi ilipo kapena ndingomvera gogo. Ngati ilipo ndiyamba ndi dalaivala, maulendo a pafupi, Nyanga ndi Kariba, Mana Pools pambuyo. Amakanika, tracker yachiwiri ija mungandiikire liti, ndipo ndigule ine kapena muli nazo?

Makanika_waKaguvi
Gulani nokha, ndipo akaunti yake mutsegule nokha pa foni yanu, password ine ndisaidziwe. Bwerani Loweruka m'mawa kusanadzadze, koma osati kuntchito kwanga ku Kaguvi, maso ndi ambiri, tikaikira kunyumba kwanu geti yotseka. Mugulenso penti marker, yachikasu ayi aliyense ali nayo.

TchenaMbare
Dalaivala ngati simunapeze ine laisensi ya class 2 ndili nayo ndi satifiketi ya defensive driving, ndipo sindijona

Jah_Epworth
Amajona ameneyo Aphiri, tinapita limodzi ku maliro ku Shamva palibe anagona